A Mbewe Ankanditcha Achimwene

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima moyo wanga wonse. Sindinamuuzepo ngakhale malemu mkazi wanga, amene ankadziwa mpaka pamene ndinkabisa fodya. Inatuluka koyamba Lamlungu lina posachedwapa chifukwa cha khanda lolira, ndipo popeza yatuluka, ndati ndiilembe ndisanayambe kusokoneza mayina. Ndi nkhani ya mnansi wathu, a Mbewe, ndi uthenga wawo umene ndinasenzetsedwa ndili mnyamata.

Ndikakumbukira a Mbewe, chimayamba kufika ndi fungo: mphira wa matayala akale akamaudula ndi mpeni wonyowetsa, phula lopaka ulusi, ndi utsi wa malasha wa m'mbaula umene unkaphimba lokeshoni yakale ya ku Brakpan, ku Joni, mpaka dzuwa kumaoneka ngati dzira lophika. Mphepo ikaomba kuchokera ku milu ya mchenga wa m'migodi, fumbi lachikasu linkalowa m'mano, m'tiyi ndi m'zovala zimene amayi anayanika. Ife tinkakhala m'chipinda cha malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chisuthu. Bambo anga, Che Amidu, anali telala wochokera ku Machinga, Msilamu wosaphonya swala. Amayi anali a ku Zomba, ndipo analowa Chisilamu pokwatiwa. Chipinda chotsatira chinali cha a Mbewe, mchona wa ku Ntcheu, wosoka nsapato, wopanda mkazi ndi mwana. Chotilekanitsa chinali lata limodzi basi. Mbali yathu makina a ababa ankati tchakatchaka, mbali yawo hamala inkati gogogo pa phazi lachitsulo, kenaka n'kuima kuti chifuwa chidutse. Chifuwacho anachitenga pansi pa mgodi. Akayamba kutsokomola ankayamba alavulira m'dzanja timisomali timene ankasunga pakamwa, ndipo lata lonse linkanjenjemera nawo.

Munthu ameneyu, wa imvi m'mutu, ankandipatsa moni atavula chipewa. Ankanditcha achimwene.

Chiyambi chake ndinachimva kwa amayi. Akuti nditabadwa ndinkalira usana ndi usiku, pamene sindinkadwala ndipo ndinkayamwa bwino. Kwathu kuli mwambo wakuti khanda likatero, ndiye kuti pali womwalira amene wabwerera mwa mwanayo ndipo akufuna dzina lake. Amatchula mayina a akufa a pabanjapo limodzilimodzi mpaka mwana atatonthola. Ababa sakanalola zimenezo m'nyumba mwawo, choncho amayi anadikira masana ena iwo atapita kukapereka zovala kutauni, n'kuitana amayi anzawo a kumudzi. Anatchula agogo, amalume, azakhali, mpaka ana amene anafa asanamere mano. Ine ndinkangokuwa. A Mbewe ankamva zonsezi kuseri kwa lata. Atatopa nalo phokoso anamenya latalo ndi hamala n'kukuwa kuti, "Lufeyo, tatontholani, anthu tigwire ntchito!"

Ndinatonthola nthawi yomweyo.

Amayi ankati m'chipindamo munangoti zii, mpaka kumamveka malasha akuthetheka m'mbaula. Posakhalitsa a Mbewe anaima pakhomo, hamala ikadali m'manja. Anagwada pafupi ndi mphasa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mwafika liti, achimwene?"

Lufeyo anali mkulu wawo wa bere limodzi, mkulu wa mpingo, munthu wa munda wake amene sankalota n'komwe za ku Joni. A Mbewe ndi amene anamunyengerera kuti atsagane, poopa kuyenda okha ulendo wautali. Anagwira ntchito mgodi umodzi. Tsiku lina mwala unagwa, n'kutseka njira imene munali Lufeyo, ndipo mtembo wake sunatuluke. Kuyambira pamenepo a Mbewe sanapondenso kwawo. Ankati, "Tinachoka awiri. Ndikafika ndekha, mlongo wanga aNambewe akandifunsa kuti mnzako ali kuti, ndikaloza pati? Ngakhale manda ndilibe oti ndinene."

Nditakula pang'ono ndinafunsa amayi ngati ankakhulupirira kuti ndine Lufeyo. Anaseka. "Mwina unangotopa kulira. Koma mwana akatonthola, mayi safunsa zambiri."

Choncho ndinakula ndi mayina awiri. Mbali ino ya lata ndinali Yusufu, wotumidwa kukatola malasha ogwa m'mbali mwa njanji, wokalipidwa ndikataya singano. Mbali inayo ndinali achimwene. Ankandikhazika pa mpando wokhawo umene anali nawo, iwo n'kukhala pa chitini. Tiyi ankayamba kuthirira ine. Nsapato yovuta ikabwera ankaitembenuza pamaso panga n'kufunsa kuti, "Inu mukuiona bwanji, achimwene? Ichira imeneyi?" Ine, mamina ali mbwee, ndinkagwedeza mutu ngati munthu wodziwa, iwo n'kuti, "Nanenso ndimaganiza choncho." Ana a m'lokeshoni ankatiseka, koma ine sindinkadandaula. Ndi mwana uti amene angakane kukhala wamkulu kwa theka la tsiku?

Ndinali wamanzere, ndipo dzanja limeneli linali pa mlandu masiku onse. Ndikalitambasulira m'mbale, ababa ankalimenya ndi chingwe choyezera nsalu. Ndikapita kwa a Mbewe, iwo ankaika hamala m'dzanja lomwelo, maso akuwala. "Mwaona? Lufeyo ankagwira khasu chomwechi."

Mkangano waukulu unabuka chifukwa cha nkhumba. A Mbewe ankakonda mapazi a nkhumba, ndipo Loweruka lina ababa anandipeza nditakhala pafupi ndi mphika wawo ukuwira. Sindinali nditalawa, koma anandikoka khutu mpaka kwathu, n'kulamula kuti ndisadzapondenso kumeneko. Masiku angapo hamala sinamveke. Kenaka tinamva kukwecha. A Mbewe anali panja akutsuka miphika ndi mbale zawo zonse ndi phulusa ndi mchenga wa kumgodi. Ataona kuti sizikuwakwanira, anapita kukagula mphika watsopano. Madzulo anagogoda kwathu atanyamula nkhuku yamoyo.

"Atelala, tandichinjirani iyi mwa Chisilamu. Nkhumba ndasiya."

"Mwalowa Chisilamu, a Mbewe?"

"Ayi, ine ndine wa mpingo mpaka imfa. Koma achimwene anachoka ali mkulu wa mpingo, abwerera ali Msilamu. Ine ndine yani kuti nditsutse? Bola azidya kwanga."

Ababa anaiyang'ana nkhukuyo. Anangotenga mpeni. Ndipo a Mbewe sanadyenso nkhumba masiku onse amene tinakhala nawo.

Lamlungu masana awiriwa ankasewera bawo pansi pa mtengo wa pichesi wa mwini nyumba. Bawolo anakumba pa thabwa, ndipo njere zake zinali za mapichesi omwewo. Apa ndi pamene ndinamva koyamba chifukwa chimene ena amavomerezera kuti akufa amabwerera, ena n'kumakana.

"A Mbewe," ababa ankatero akugawa njere, "munthu akafa amadikira m'manda mpaka tsiku la Kiyama. Mulungu si wosoka nsapato ngati inu, woti azigamba mzimu wakale n'kuupatsa mwana wa mwini. Mizimu sinamuthere."

"Nanga inu atelala, kolala ya malaya ikatha simuitembenuza? Nsalu yabwino sataya."

"Chabwino. Tsiku lachiweruzo akadzaitana thupi limodzi ili, adzayankha ndani, Yusufu kapena Lufeyo?"

"Lufeyo analibe milandu. Mwana wanu wapindula, muzindithokoza."

"Nanga bwanji sanabwerere kwanu ku Ntcheu, kwa abale ake? Zoti mzimu wa Mngoni ulowe m'nyumba ya Myao munazionapo kuti?"

"Ku Ntcheu n'kutali, Che Amidu. Munthu watuluka pansi pa mwala, wotopa, alibe pasi, alibe ya sitima. Anangolowa khomo loyamba limene anamva chinenero cha kwawo."

Ababa ankaseka mpaka kuiwala kuti ndi nthawi yawo yosewera, a Mbewe n'kuwadyera njere. Koma tsiku lina ababa sanaseke. Anati, "Mwana uyu ndinamupempha kwa Mulungu zaka zambiri. Ndi wanga. Sindifuna kuti akule akusenza imfa ya munthu wina." A Mbewe anayang'ana pansi. "Ndamva," anatero. Ndipo anapitiriza kusewera.

Kamodzi kokha anandifunsa za pansi. Tinali awiri, iwo akupaka phula pa ulusi. Osandiyang'ana anati, "Achimwene, za tsiku lija mumakumbukako?" Ndinachita mantha kuti ndikanena zoona tiyi atha. Komabe ndinati sindikumbuka kanthu. Anapuma mpweya wautali umene unathera m'chifuwa. Atapeza mawu anati, "Zikomo. Ndiye kuti sizikupwetekaninso." Tsiku limenelo anandigulira buledi wathunthu.

Ndinali ndisanalowe m'kalasi ngakhale tsiku limodzi pamene nkhani za mapasi, ziphaso zokhalira m'dzikomo, zinavuta kwa anthu akunja. Ababa anati tizipita kwathu asanatinyamule ngati mbuzi. Anauza a Mbewe kuti tipitire limodzi, ndipo ya ulendo awathandiza. A Mbewe anakana. M'malo mwake anapempha chinthu china: kuti popita ku Machinga tipatukire ku Ntcheu, ndikaime pakhomo pa aNambewe, ndikanene kuti odi, ndafika.

"Akakafika achimwene, ine njira yatseguka," anatero. "Mukandiuze mmene akawalandirire. Ndikamva, ndinyamuka."

"Mukufuna ndikaime pamaso pa mayi wachikulire n'kunama?" ababa anakalipa. "Ayikona!"

Lamlungu limenelo bawo silinaseweredwe. Koma hamala inagogoda kuposa kale. Tsiku loti tinyamuka mawa lake, a Mbewe anabwera ndi nsapato zimene anandisokera kuchokera ku majombo akale a kumgodi, zazikulu moti anaikamo mapepala kutsogolo. "Mudzakuliramo," anatero, n'kugwada kundimanga zingwe. Ababa anaimitsa manja pa katundu amene ankamanga. Anayang'ana mutu wa imvi uja uli pa mapazi anga, ndipo anati, "Tikapatukira. Koma ine ndikanena kuti uyu ndi Yusufu mwana wanga, ndipo zinazo ndikanena kuti ndi maganizo anu. Sindikupita chifukwa cha mizimu. Ndikupita chifukwa mnansi ali ndi gawo lake pa ine."

Ulendo unali wautali, wa sitima ndi malole. Amayi tinawasiya kwa abale ku Balaka, ine ndi ababa n'kukwera basi ya ku Ntcheu, kenaka wapansi kukwera mapiri, nsapato zija zikundimenya zidendene. Tinapeza aNambewe pabwalo akusankha mbatata ya kachewere, mayi wamfupi wa nkhope ya a Mbewe yeniyeni. Njira yonse ndinkabwereza mawu anga mumtima, koma titafika ndinabisala kumbuyo kwa ababa. Ababa ndi amene anafotokoza zonse monga analonjezera, za lata, za kulira, za dzanja lamanzere, n'kumaliza kuti iwo sakhulupirira.

ANambewe anapukuta manja pa chitenje. Anandigwira chibwano, n'kunditembenuzira uku ndi uku, kundiyang'ana makutu ndi mano. Kenaka anatembenukira kuseri kwa nyumba n'kukuwa.

"Lufeyo! Tatsika udzaone mnzako wa dzina!"

Pa nkhokwe imene ankafolera panatsika chimunthu cha ndevu, udzu uli m'mutu, n'kutipatsa moni mwaulemu.

"Lufeyo anabwera kalekale," anatero aNambewe. "A ku ofesi yolemba anthu a kumigodi anatibweretsera bulangete lake. Tinalira, tinaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa thupi, tinameta. Chaka chomwecho ndinabereka uyu, ndipo amayi atangomuona anati ndi yemweyo. Manda alipo, dzina lilipo. Wakufa sativuta ife, bambo, timadziwa pomuika. Wativuta ndi wamoyoyo."

Anakhala pansi, n'kutola mbatata imodzi, osaiyang'ana.

"Jelemiya," anatero. Aka kanali koyamba kumva dzina la a Mbewe. "Mukamuuze Jelemiya kuti mwala unagwa wokha. Palibe anamuimba mlandu kuno, ngakhale mkazi wa Lufeyo. Amayi anamwalira akuyang'ana kunjira, ndipo sankayang'ana Lufeyo ayi. Dzina lake sitingapatse mwana chifukwa sitinamve kuti wafa. Mbale yake sitingaike chifukwa sabwera. Munda wake ndikulima ndine, msana watha. Abwere. Iwe mwana, wamva? Popeza amakumvera ngati mkulu wake, ukamulamule."

Ndinati ndamva.

Anatiphera nkhuku, ataipereka kwa ababa kuti achinje okha, chifukwa anati za Asilamu amazidziwa. Pobwerera ababa anayenda patsogolo mpaka titaoloka kamtsinje. Kenaka anayamba kuseka. "A Lufeyo awiri! Mmodzi wa ndevu, wina wa mamina! A Mbewe akanakhala pano ndikanawadyera njere zonse." Koma ankapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, ndipo sikunali kuseka kokha. Ine ndinali ndi mkwiyo ngati wolandidwa mpando. Titafika pamsewu mkwiyo uja unali utatha, ndipo ndinamva kupepuka kumene sindinkakudziwa. Ndinali Yusufu basi.

Ababa anatumiza mawu kudzera mwa anthu opita ku Joni, koma anthuwo ankapita kumigodi ina, ndipo sitinamve ngati mawuwo anafika. Ababa sanakhalitse, anamwalira. Uthenga unatsala ndi ine. N'chifukwa chake ndinakakamira kuyamba sukulu ndili kale ndi mawu a bambo, maondo osakwana pansi pa desiki, tiana tikunditcha agogo a sitandade wani. Sizinandipweteke kwambiri. Ndinali nditazolowera kale kukhala wamkulu pamalo olakwika. Nditadziwa kulemba, kalata yanga yoyamba inali ya a Mbewe. Yankho silinabwere. Ndinalembanso, kenaka ndinakwatira, ana anabadwa, ndipo ndinayamba kudziuza kuti mwina mawu aja anafika.

Pamene ndinabwereranso ku Joni ndili bambo wa ana, lokeshoni ija inali itagwetsedwa, anthu atasamutsidwira ku Tsakane. Kumeneko ndinapeza mwana wamkazi wa mwini nyumba uja, nayenso atakalamba. Anati Mnyasa wa nsapato anamwalira anthu asanasamuke, ndipo anaikidwa kumanda akale. Anati mpaka kumapeto ankafunsa aliyense wochokera ku Malawi ngati wakumana ndi achimwene ake. Ndinathokoza, n'kutuluka. Kumandako sindinapite. Ndakhala zaka zonsezi mtunda woyenda wapansi kuchokera pamenepo, ndikudutsa njira ina.

Ndinagwira ntchito nthawi yaitali m'sitolo ya nsalu ku Actonville, kwa mayi wina wa Chihindu. Iye ankati tonse timabwerera, ndipo zimene unachita kale ndi zimene zimakusankhira khomo lolowa. Ankanena zimenezi modekha, akudula nsalu, ngati akunena za mvula. Kumzikiti ashehe ankanena zosiyana, modekha momwemo. Ine ndinkamvera onse n'kumaganiza za bawo lija. Ndaona kuti ambiri ovomereza ali ndi munthu amene sanatsanzikane naye bwino. Okana ena amakana chifukwa cha chiphunzitso, ndipo ine ndili mbali yawo, ndimaswali ndipo ndikudikira Kiyama monga ababa. Koma ababa sankakana chifukwa cha chiphunzitso chokha. Ankafuna mwana wawo akhale wawo. Ndipo aNambewe, amene ankakhulupirira kuposa onse, ndi amene anandiuza kuti sindine Lufeyo.

Masiku ano ndimakhala ku Brakpan komweko ndi mwana wanga Mariamu ndi mwamuna wake Che Idrisa, amene amagulitsa zipatso pa galimoto yake ya bokosi. Ndimadya bwino, ndimaothera dzuwa, ndimasoka mabatani a adzukulu. Mwezi watha Mariamu anabereka mwana wamwamuna, wa mapapo amphamvu. Lamlungu lija masana tinali pakhonde, khanda likukuwa, pamene mnansi wathu wa ku Chipata, amake Tisa, anasuzumira pampanda.

"Amake mwana, ameneyo afuna dzina! Tchulani a kumanda muone."

"Zimenezo ndi haramu, mayi," anatero Che Idrisa. "Ndi mpweya wa m'mimba basi. Dzina ali nalo kale."

"Mpweya wa m'mimba sabata yonse? Inu a Idrisa, mwana afanana ndi munthu wamkulu uyo, taonani chipumi!"

"Chipumi n'changa chimenecho. Mukufuna kundiphera pano kuti chikhale cha malemu?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola, ndipo chifuwa changa chitagunda lata la khonde ndinamva phokoso limene ndinalidziwa. Ndinawauza kuti akhale pansi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa hamala mpaka pa mbatata ya aNambewe. Amake Tisa ankati, "Mwamva? Anatonthola!" Che Idrisa n'kumati, "Mwamva? Analipo awiri!" Aliyense anatolapo zake. Khanda linagona pakati pa nkhani popanda wotchula dzina lililonse.

Mariamu yekha sanalowe mkanganowo. Anandiyang'ana n'kuti, "Ababa, ndiye uthenga wa eni ake mukadali nawo?"



Che Idrisa anakanda chipumi chake chija. "Apongozi, zoti akufa amabwerera ine ndakana ndipo ndidzakanabe. Koma kuyendera manda n'kololedwa. Mawa ndisanapite kumsika ndikuperekezani."

M'mawa mwake, titaswali, tinapita. Manda akale ali pafupi ndi pamene panali lokeshoni, udzu wofika m'chiuno, mitanda yambiri itagwa, tizitsulo ta manambala titadyedwa ndi dzimbiri. Manda a a Mbewe sindikanawadziwa. Che Idrisa anaima chapatali atatambasula manja. Ine ndinalowa pakati, pamene ndinaona kuti mawu angafike mbali zonse, n'kuvula chipewa monga iwo ankandivulira.

"Odi! Odi kuno, a Mbewe! A Jelemiya! Ndine Yusufu wa atelala. Ndine achimwene anu, ngati mukufunabe kutero. Ku Ntcheu tinafika, ndipo anatilandira bwino. Lufeyo ali kwawo, anafika kalekale, manda ali nawo. ANambewe akuti mwala unagwa wokha. Akuti palibe anakuimbani mlandu. Akuti munda wanu ulipo. Anandiuza kuti ndikulamuleni ngati mkulu wanu, ndiye ndikukulamulani: tiyeni kwathu."

Ndinadikira pang'ono, monga amachitira munthu akanena odi. Mphepo inabweretsa fumbi lachikasu lija, ndinalimva m'mano. Kenaka ndinagwada, maondo akulira, n'kutapa dothi ndi dzanja lamanzere, kulimanga m'kampango. Ndikamadzapita kumudzi ndidzatsikira pa Ntcheu, pali manda a thunthu la nthochi amene pambali pake pali malo.

Che Idrisa anabwera kudzandidzutsa. Anayang'ana kampango kaja.

"Apongozi, dothilo n'la chiyani?"

"Ndi katundu wa mnansi," ndinatero.

Sanafunsenso. Ananditsegulira chitseko cha galimoto, n'kudikira mpaka nditakhala bwino, kampango kali pamiyendo, asanalize injini.